Madzi Saiwala Khwawa

Nkhani imene injiniya wa misewu ndi milatho anakamba kwa ophunzira a sekondale, makolo ndi amisiri m'tauni ya Kafue

Kalata yondiitana inati ndidzakambe za ntchito ya uinjiniya ndi kukulimbikitsani. Ndiyesetsa. Koma ndineneretu kuti pa zaka zoposa 35 zimene ndagwira ntchitoyi, nthawi yambiri ndaithera m'matope, nditagwada, ndikusuzumira m'mapaipi a pansi pa msewu. Amene mwabwera kudzamva za chisoti choyera ndi galimoto ya kampani mudikire, zimenezo ndaziika kumapeto, ndipo sizitenga nthawi.

Ndine mwana wa konkuno. Bambo anga anachoka ku Katete kudzagwira ntchito pa fakitale ya feteleza ya Nitrogen Chemicals itangotsegulidwa mu 1970, masiku amene nyumba za ku Kafue Estates zinali kununkhirabe penti. Tili ana tinkazemba kupita kumtsinje kukaona sitima ikuwoloka pa mlatho wa njanji, ndipo pobwerako amayi ankatikwapula chifukwa cha ng'ona. Mlatho umenewo unamangidwa mu 1906, Lusaka idakali kasiteshoni pakati pa tchire. Ndi wa zitsulo, uli ndi zigawo 13, ndipo utali wake ndi mamita 427. Werengani nokha zaka zimene wakhala ukusenza mkuwa, malasha ndi chimanga. Ndili mwana ndinkayesa kuti mphamvu yake ili m'zitsulo zopingasana zija. Ndinachita kudziwira kuukulu kuti chimene chauimika mpaka lero ndi mizati ya konkire yozikika pansi pa madzi, kumene palibe amene amakajambulako chithunzi, komanso anthu osatchuka amene akhala akukwerapo ndi ndowa ya penti ndi sipanala.

Mlatho wa galimoto uli ndi mbiri yoseketsa pang'ono. Woyamba uja, wa mu 1949, unali wa salaula. Zitsulo zake zinayamba zagwira ntchito pa mtsinje wa Thames ku London nthawi ya nkhondo yachiwiri, kenako bungwe la Beit Trust linazibweretsa kuno. Itayamba ntchito ya damu la Kafue Gorge panafunika kuukweza, chifukwa madzi anali oti adikha n'kubwerera m'mbuyo. Umene mumawolokerapo lero popita ku Mazabuka kapena ku Chirundu unatha mu 1993 ndi thandizo la dziko la Japan. Milatho itatu pa mtsinje umodzi, ndipo omanga onsewo anayamba ndi funso limodzi: madzi akakwiya amafika pati?

Funso limenelo ndilo landidyetsa moyo wanga wonse. Anthu amaona injiniya ngati munthu wa simenti ndi zitsulo, koma bwana amene amatilemba ntchito n'kutichotsanso ndi madzi. Lole yolemera imafooketsa msewu, inde, n'chifukwa chake m'misewu muli masikelo. Koma dzenje limayamba pamene madzi alowa pansi pa phula n'kufewetsa dothi, lole imangodzamalizitsa. Taonani mmene tauni yathu inakhalira: kumbuyo mapiri, kutsogolo mtsinje, kumadzulo chigwa chachikulu cha Kafue Flats. Choncho madzi amatipeza m'njira ziwiri. A mumtsinje amabwera mwaulemu, amakwera pang'onopang'ono kwa masabata, ndipo asodzi a ku Chanyanya amawaona akudza. A m'mapiri alibe odi. Mvula ingogwa maola awiri usiku, m'mawa mbale zikuyandama m'nyumba za kumunsi, mtsinje wa Kafue usanasunthe n'komwe.

Tiyeni tichite masamu pang'ono, aphunzitsi a masamu andiyang'anire. Mvula ya mamilimita 50, imene kuno imatha kugwa madzulo amodzi mu Januwale, ikagwera pa denga la malata la mamita 10 m'litali ndi 10 m'lifupi imapereka malita 5,000. Amenewo ndi madiramu 25, aja a malita 200. Pa hekitala imodzi, malo oposa pang'ono bwalo la mpira, ndi madiramu 2,500. Hekitalayo ikakhala tchire la udzu ndi mitengo, madzi ambiri amalowa pansi, ena amatsalira m'masamba, ndipo otsikira kukhwawa amakhala ochepa, amafikanso mochedwa. Mukadula mitengo, n'kumanga nyumba zothithikana, n'kuwaka simenti pabwalo kuopa matope, pafupifupi madiramu onse aja amathamangira kwa mnansi wa kumunsi nthawi imodzi. Nthaka yaleka kumwa. Makolo muli pano, yerekezani Shikoswe kapena Zambia Compound ya lero ndi imene munaipeza. Ngalande zimene zinakumbidwa m'ma 1970 zinayezedwera tauni ina, imene kulibenso.

Tsopano ndikuuzeni za kalavati yanga yoyamba, chifukwa pa zonse zimene ndamanga ndiyo inandiphunzitsa kwambiri. Inali ntchito yoyamba kuiyendetsa ndekha, msewu wafumbi kwathu ku Chigawo cha Kum'mawa. Malo sinditchula, anthu ake alipobe ndipo sanaiwale. Msewuwo unkadutsa pa kakhwawa kouma, koti mu Seputembala mwana amangokalumpha. Ndinatenga mapu, ndinayeza dera lonse limene madzi ake amatsikira pamenepo, ndinatsegula buku la ziwerengero za mvula, ndipo masamu anandiuza kuti mapaipi awiri a mamilimita 600 akwanira. Tili mkati mokumba, panafika agogo ena aamuna pa ngolo ya ng'ombe. Anaima, anayang'ana mapaipi ali gone m'mbali mwa msewu, n'kundifunsa mwaulemu kuti, "Bwana, timapaipi timeneti n'ta madzi ake ati?" Ndinawalongosolera bwinobwino, ndi manambala omwe. Iwo anangoloza mkuyu umene unali chakumunsi, nati ndikayang'ane m'nthambi. Ndinapita monyinyirika. Pamwamba, poti ngakhale nditaimika mkono sindinafikepo, panali udzu wouma, mapesi ndi chisanza cha thumba, zonse zitakoledwa mbali imodzi ya nthambi. Ndinadziuza kuti ndi chisa cha mbalame, kapena ana anaponyerapo. Digiri inali itandikwera m'mutu. Paja amati safunsa anadya phula, koma ine ndinachita kuuzidwa n'kudyabe.

Kalavatiyo inakhala miyezi 4. Mu Febuluwale kunagwa mvula ya usiku umodzi, ndipo ine ndinafikako patapita masiku awiri, panjinga, chifukwa galimoto sikanadutsa. Mapaipi anali pomwepo, osasweka, ali okhaokha pakati pa chigwembe. Msewu ndiwo unachoka mbali zonse ziwiri. Kamwa la paipi imodzi linali litatsekeka ndi chitsa ndi mapesi. Madzi atasowa polowera anadikha kumtunda, anakwera, anadumpha msewu, n'kuyamba kuudya kuchokera kumunsi kubwerera m'mbuyo, monga amachitira nthawi zonse. Tsidya linalo kunali kachipatala. Kwa masabata atatu amayi oyembekezera ankawolotsedwa pamenepo pa machira. Agogo aja ndinakumana nawo. Anandipatsa moni, anandifunsa za kunyumba, n'kukwapula ng'ombe zawo. Akanandinyoza, bwenzi nditapepukidwa.

Nditabwerera ku masamu anga sindinapezemo cholakwa. Zolakwika zinali zimene ndinawadyetsa masamuwo. Mapu anali akale, ojambulidwa phiri la kumtunda lidakali ndi nkhalango, pamene pofika nthawi yanga linali litametedwa ndi owotcha makala. Chiyezero cha mvula chimene ndinadalira chinali kutali ndi pamalopo. Ndipo m'buku munalibe mzere wonena za chitsa. Chimene chinandiwawa kwambiri n'chakuti kusiyana kwa mtengo kunali kochepa. Paipi ya 900 imanyamula madzi pafupifupi katatu kuposa ya 600, ndipo mukawirikiza kawiri kukula kwa kamwa lake, madzi odutsamo amawirikiza ka 6. Pomanganso sitinabwezeretse mapaipi. Tinawaka dirifiti, kamsewu ka konkire kotsika kamene kamalola madzi kudutsa pamwamba. Ikagwa yambiri anthu amadikira maola awiri kapena atatu, madzi aphwa, awoloka. Ilipo mpaka lero. Kuyambira pamenepo sindiyamba ntchito ndisanakhale pansi ndi okalamba a pamalopo, makamaka amayi otunga madzi ndi abusa a ng'ombe, ndipo ndimayang'ana m'nthambi ndisanatsegule kompyuta. Akuluakulu anati madzi saiwala khwawa. Ku yunivesite mawu omwewo timawaphunzira zaka 5, m'zilembo za Chigiriki.

M'ntchito yathu mudzamva zakuti chigumula cha kamodzi pa zaka 50. Mawu amenewa asokeretsa anthu ambiri, ndi makhansala omwe. Satanthauza kuti chikabwera chaka chino ndiye tapuma mpaka adzukulu. Amatanthauza kuti chaka chilichonse pali mpata umodzi mwa 50 woti chibwere, ngakhale chitabwera kale chaka chatha. Mukamanga nyumba pamalo otero n'kukhalamo zaka 30, mpata woti madziwo akupezeni uli pafupifupi 45 pa 100, kusiyana pang'ono ndi kuponya khobidi m'mwamba. Ndiponso ziwerengero zimenezi timazitenga pa mvula ya m'mbuyo, pamene dziko likutentha. Mpweya ukatentha ndi digiri imodzi umasenza chinyezi choonjezera pafupifupi 7 pa 100, ndipo chimene wasenzacho umadzachitula nthawi imodzi. Buku limene ndinaphunzira nalo likukalamba msanga kuposa ine.

Musaganize kuti amaphonya ndi anyamata ongochoka kusukulu okha. Pulani ya damu la Kariba inalembedwa ndi André Coyne wa ku France, katswiri wa madamu wotchuka pa dziko lonse masiku amenewo. Mu 1957, damulo likumangidwa, mtsinje wa Zambezi unasefukira kuposa mmene zolemba zinkanenera. Mu 1958 unabweranso, pafupifupi kuwirikiza kawiri, madzi okwana makyubiki mita 16,000 pa sekondi, n'kumiza khoma lotchingira malo a ntchito ndi kukokolola mlatho. Atonga, amene 57,000 mwa iwo ankasamutsidwa kuti nyanja ilowe m'minda yawo, anati ndi Nyaminyami, mzimu wa mtsinjewo. Mainjiniya sanalimbane ndi mtsinje, anaonjezera zipata zotayira madzi kuchoka pa 4 kufika pa 6. Komabe madzi otuluka pa zipatazo anadzakumba dzenje lakuya mamita oposa 80 patsinde pa khoma, limene lachita kukonzedwa zaka zaposachedwapa ndi ndalama zankhaninkhani. Kwa anansi athu ku Malawi, namondwe Ana anaboola damu la Kapichira pa Shire mu Januwale 2022, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130, ndipo kukonza kunatenga chaka ndi miyezi.

Ndinene tsopano chinthu chimene chingakudabwitseni, pochokera pakamwa pa munthu wolipidwa kuti aziletsa madzi. Kusefukira kwina n'kofunika. Kafue Flats ndi chigwa cha makilomita pafupifupi 240 m'litali, chathyathyathya moti mtsinje umatsika masentimita ochepa chabe pa kilomita, ndipo madzi otuluka ku damu la Itezhi-Tezhi amatenga masabata angapo kuti afike pa mlatho wathu. Kale chigwachi chinkadzaza chaka ndi chaka, n'kuphwa. Madzi akadzaza, nsomba zinkaswana m'udzu. Akaphwa ankasiya msipu wobiriwira, kumene Aila ndi Atonga ankapititsa ng'ombe m'chilimwe. Mwambo wa Shimunenga ku Maala unabadwa m'moyo umenewo. Damu la Kafue Gorge litayamba kupanga magetsi mu 1971, ndi la Itezhi-Tezhi litatha mu 1977 kuti lizisunga madzi a dzinja n'kumawatulutsa pang'onopang'ono, nyengo za chigwa zinasokonekera. Malo ena chakufupi kuno anayamba kukhala m'madzi chaka chonse, ena analeka kufikidwa. Chitsamba chaminga chotchedwa Mimosa pigra chinalanda msipu ku paki ya Lochinvar. Nyama zija za lechwe, zimene mtundu wake supezeka kwina kulikonse, zinatsika kuchoka pa pafupifupi 100,000 m'ma 1970 kufika pansi pa 30,000, ngakhale kuti opha nyama mozemba nawonso ali ndi gawo lawo pamenepo.

Okonza damu anaganizako ndithu. Anaika lamulo loti mu Malichi azitulutsa makyubiki mita 300 pa sekondi kwa masabata 4, kutsanzira chigumula cha chilengedwe, ndipo mu 2004 boma, kampani ya magetsi ya ZESCO ndi bungwe la zachilengedwe la WWF anagwirizana zokonzanso katulutsidwe ka madziwo. Koma chaka chikauma aliyense amaloza dontho lomwelo: ZESCO ikufuna magetsi, Nakambala ikufuna kuthirira nzimbe, Lusaka ikufuna madzi akumwa amene amapopedwa pa Iolanda pompano, msodzi akufuna nsomba, woweta akufuna msipu. Sindikunyoza madamu. Ine ndinawerengera mayeso pa getsi la Kafue Gorge, ndipo mamegawati 750 a Kafue Gorge Lower, imene inatha mu 2023, tikuwafuna onse. Ndikungonena kuti mawu aja mumawamva pa wailesi, akuti chitukuko chokhalitsa, kwa ine ndi mafunso awiri ofunsa pulani isanasainidwe. Chinthuchi adzachisamala ndani ine nditachoka? Nanga kumunsi kuli ndani amene alipire asanafunsidwe?

Nthawi zina a kumunsiwo ndife. Pa 18 Febuluwale 2025 khoma la damu la zinyalala za mgodi wa Sino-Metals ku Chambishi linagumuka, madzi a asidi analowa mu Mwambashi n'kutsikira mu Kafue. Nsomba zinayandama, ndipo mipopi ya ku Kitwe inatsekedwa. Khoma lotero nalonso ndi ntchito ya injiniya. Chaka cha m'mbuyo mwake tinaona mbali inayo: pa 29 Febuluwale 2024 Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilala ndi tsoka la dziko lonse, ndipo panafika poti magetsi ankayaka maola atatu okha pa tsiku. M'dzinja lomwelo kolera inapha anthu oposa 700, bwalo la Heroes ku Lusaka linasanduka chipatala, ndipo sukulu zinatsegulidwa mu Febuluwale m'malo mwa Januwale. Kolera timaiyesa nkhani ya madokotala, koma imayambira kwa ife. Ku Kanyama pansi pali mwala wa laimu wokhala ndi mphako, madzi a pansi ali pafupi, ndipo mvula ikachuluka chimbudzi chokumba ndi chitsime chosaya zimasanduka dziwe limodzi. Ngalande ya Bombay ku Lusaka inamangidwanso ndi gawo la madola pafupifupi 355 miliyoni ochokera ku America pakati pa 2013 ndi 2018. Ndi ngalande yabwino. Mukapita kutauni mukaone mabotolo a pulasitiki amene imasenza.

Apa ndiye pali chisoni changa chachikulu. Timakonda kudula riboni. Palibe wamkulu amene amabwera ndi atolankhani kudzaona anthu akuvuula mchenga m'kalavati mu Okutobala, chikhalirecho ntchito imeneyo imapulumutsa misewu yambiri kuposa ina iliyonse. Msewu sufuna zambiri: msana wokwera pakati kuti madzi atsetserekere m'mbali, ngalande zotseguka, ndi potulukira madzi poyalidwa miyala kuti pasakumbike. Kuno tilinso ndi makande, dothi lakuda la m'chigwa limene limafufuma likanyowa n'kung'ambika likauma. Mukayala phula pamwamba pake osalichotsa kapena kulisakaniza ndi laimu, ndiye kuti mwayala pa chifuwa cha munthu wopuma. Zina sizilira ndalama zambiri, monga udzu wa vetiva m'mbali mwa ngalande, miyala yomangidwa m'mawaya pa gombe, ndi kusiya dambo likhale dambo osagawapo mapuloti. Dambo ndi thanki imene tinaipeza yomangamanga, yosalipira, ndipo amene wamanga nyumba m'menemo wamanga m'thanki. Ndalama za CDF, za chitukuko cha dera la phungu aliyense, zinakwera kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni mu 2022, ndipo zakhala zikukwerabe. Makolo amene muli m'makomiti a mawodi, pempho langa n'lakuti pa mndandanda wanu, pambali pa kalasi yatsopano ndi mjigo watsopano, muzisiyako mzere wa kukonza zimene zilipo kale.

Ana anga, chida choopsa kwambiri chimene injiniya amanyamula ndi cholembera. Kontrakitala salipidwa iwe usanasaine. Tsiku lina ndinaima pa kamlatho kena, dzuwa likuswa mtengo, ndikuona foromani akuthira madzi mu konkire kuti izitsetsereka msanga mu wilibala. Konkire yamadzimadzi imaoneka yosalala bwino, koma ikauma imatsala ndi timabowo ndipo mphamvu yake imatsika. Tinatapa ina m'timabokosi, tinaisunga m'madzi masiku 28, tinakaiphwanya pa makina, ndipo inalephera. Ndinalamula kuti mzati ugwetsedwe. Usiku womwewo kunyumba kunafika mbuzi yonenepa, yomangidwa bwino, ndi uthenga woti ndi moni chabe. M'mawa mwake inalira foni, munthu wina wamkulu akundifunsa ngati ntchito yanga ndikuikondabe. Mbuzi ndinaibweza, ana kunyumba akuiperekeza ndi maso, ndipo patapita mwezi ndinasamutsidwa pa ntchitoyo. Sindikunamizani kuti panabwera wina kudzandithokoza. Mzati unagwetsedwa n'kumangidwanso, ndipo phindu langa linathera pomwepo.

Nanga njira yake? Masamu ndi sayansi musazithawe, ndi Chingerezi chomwe, chifukwa theka la ntchitoyi ndi kulemba lipoti loti khansala amve. Digiri ya uinjiniya ku University of Zambia kapena ku Copperbelt University ndi ya zaka 5. Mukamaliza mumalembetsa ku Engineering Institution of Zambia, ndipo popanda chiphaso chawo lamulo silikulolani kugwira ntchitoyi. Ntchito zimapezeka ku Road Development Agency, m'makhonsolo, ku ZESCO, ku WARMA imene imayang'anira mitsinje ndi madzi a pansi pa nthaka, m'makampani a madzi, ndi kwa makontrakitala. Amene magiredi sadzakufikitsani ku yunivesite musagwe mphwayi. Makoleji a pansi pa TEVETA amatulutsa amisiri omanga, oika mapaipi ndi ena otero, ndipo pulani yokongola motani singaime popanda manja awo. Inu atsikana, m'kalasi yathu anzanu ankawerengeka ndi zala za dzanja limodzi. Lero injiniya amene ndimamudalira kwambiri pa nkhani za madzi ndi mayi amene ndinamulandira ali wophunzira ntchito, ndipo tsopano ndiye amandikonza masamu, mosanyengerera.

Chisoti choyera chija mudzavala, galimoto mwina. Malipiro ndi oti n'kulera banja, koma olemera nawo ndi ochepa, pokhapokha ngati mukulandira mbuzi. Mudzagona m'matenti, mudzadwala malungo kutali ndi kwanu, ndipo mvula ikamagwa usiku anzanu akukoka bulangete, inu mudzakhala maso kuwerenga makalavati anu m'mutu. Malipiro ena ndinawaona kumadzulo. Msewu wa Mongu kupita ku Kalabo unatsegulidwa mu 2016, makilomita 34 kudutsa chigwa cha Barotse, pamalo pamene kuyesa koyamba kunakokoloka ndi madzi. Ulendo wachiwiri anaika milatho 26 kuti Zambezi azidutsa pansi momasuka. Sindinamange nawo, ndinangokwera minibasi nthawi ya madzi kuti ndikaone. Uku ndi uku kunali nyanja yokhayokha, nsonga za udzu ndi mabwato. Pambali panga panakhala mayi wina ndi dengu la nsomba zouma pamiyendo, pa ulendo umene kale unali wa maola ambiri pa bwato, ndipo anagona tulo njira yonse, mutu uli pa phewa langa.

Ahedi andilola kuti ndikusiyireni ntchito. Aliyense apeze chitini cha mbali zowongoka, achiike pabwalo patali ndi denga ndi mitengo, ndipo m'mawa uliwonse wa dzinja lino ayeze ndi rula madzi amene alowamo, alembe m'kope tsiku ndi mamilimita, ngakhale tsiku limene sikunagwe kanthu. Tsiku la mvula yaikulu, ikangokata, tulukani mutsate madzi a pa denga lanu mpaka kumene akathera, n'kujambula njira yawo papepala. M'ngalande yothamanga musapondemo, madzi ofika m'mawondo amagwetsa munthu wamkulu. Loweruka likudzali, 7 koloko m'mawa, ndidzakhala pa kalavati ya kuseri kwa sukulu ino, imene ndaisuzumira pobwera ndipo mchenga wafika theka. Levulo ndi tepi ndibweretsa ine. Inu mubwere ndi mafosholo, ndi nsapato zoti simudzazilira.